Juzi Yomwe Asger Sanaluke

Ikast, 6 Sepitembala 1994

Mlongo wanga Solvej,

Ndikhulupirira uli bwino ku Copenhagen kumeneko. Kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi lomwe layambanso chifukwa cha mvula. Ndasankha kukulembera chifukwa pa foni sundipatsa mpata. Ndikangoti "Solvej", iwe uli "ndili ndi kasitomala", basi wadula.

Funso langa ndi limodzi. Oda ya majuzi a nyengo yachisanu ili kuti? Chaka chilichonse ikamafika nthawi ino ndimakhala nditadziwa mitundu ndi masayizi. Chaka chino zii. Ulusi ndinagula kale, wadzaza mashelefu mpaka kudenga. Makina ndapukuta, ndathira mafuta, ndapukutanso. Antchito anga Bodil ndi Tove amabwera m'mawa, amamwa khofi, amasoka mabatani awiri atatu, kenako n'kumandiyang'ana ngati ntchito ndaibisa m'thumba. Dzulo Tove wandifunsa kuti, "Asger, tiuze zoona, tiyambe kufunsira ntchito kunyumba yosamalira okalamba?" Ndimuyankhe kuti chiyani?

Tsono tamvera izi. Preben woyendetsa lole uja wandipeza pogula buledi. Akuti sabata yatha, mu sitima ya pamadzi yopita ku Poland, anakumana ndi mnzako Ragna atanyamula chikwama chachikulu chija mumaikamo majuzi oonetsa ogula. Akuti atamupatsa moni, Ragna anachita manyazi n'kunena kuti akupita kokapuma. Kokapuma ndi chikwama cha majuzi?

Sindine mwana ine. Mafakitale oluka akutseka m'tauni muno mmodzimmodzi, ndipo onse amayamba chimodzimodzi. Bwana amakwera sitima kupita "kokapuma". Akabwerako, makina pa lole, anthu pa mzere wa osowa ntchito.

Pamene munkayamba shopu yanu ya Solragna, iwe ndi Ragna munakhala pa tebulo la amayi, mukudya mbatatesi zathu, n'kulonjeza kuti juzi iliyonse yokhala ndi dzina lanu idzalukidwa kuno, mu shedi ya malemu bambo. Munalembanso pakansalu ka pakhosi kuti "Yolukidwa ku Ikast". Ine ndinasiya ntchito yabwinobwino kufakitale yaikulu ija chifukwa cha mawu amenewo. Ngati mawuwo asintha, undiuze ndiwe, osati ndizimva kwa Preben pamzere wa buledi.

Ndiyankhe msanga.

Asger


Copenhagen, 11 Sepitembala 1994

Achimwene Asger,

Moni. Amayi uwauze asamakwere masitepe ndi bondo limenelo, ndipo undilembere zomwe adokotala anena, poti iwe nkhani ya bondo waipatsa mzere umodzi, ya Preben tsamba lathunthu.

Preben! Munthu amene anauza tauni yonse kuti abusa apeza chibwenzi chifukwa anawaona akugula maluwa. Ameneyo ndiye wakhala mboni yako? Ragna anandiuza kuti akupita ku Hamburg kukaonana ndi eni sitolo ina yaikulu omwe akufuna majuzi athu. Oda yachedwa chifukwa tikudikira yankho lawo. Sitima yomwe anakwera sindikuidziwa, sindine wapolisi wake.

Ndipo poti wayamba za malonjezo, nane ndilankhuleko. Majuzi a chaka chatha anafika kuno anthu atagula kale mphatso za Khirisimasi. Ena mkono wina unali wautali kuposa unzake. Mayi wina anaima pagalasi n'kundifunsa kuti, "Kodi wopotoka ndi ine kapena juziyi?" Ndinaseka naye, koma atatuluka ndinakalira kuseri kwa makatoni. Anthu kuno akufuna majuzi opepuka, osalala, oti akhale nawo mu ofesi osatuluka thukuta. Ako ndi olimba, sindikukana, koma ngoyenera msodzi wa ku Hvide Sande. Tikangoyamba kunena kuti makina a bambo akalamba, iwe umadzuka pa tebulo n'kumenyetsa chitseko. Ndi kangati wachita zimenezi? Kenako umati watanganidwa... ayi, ndisalembe zambiri, ndingakupsetse mtima.

Koma za Ragna usayerekeze. Ukumutchula kuti "mnzako" ngati munthu wobwera, pomwe wakulira pakhomo pathu kuyambira tsiku loyamba la sukulu. Shopu ino anapenta ndi iye. Chaka chomwe mwamuna wanga anachoka, ine ndikulephera ndi kudzuka komwe pabedi, Ragna ankatsegula yekha, kugulitsa yekha, madzulo n'kudzandiphikira. Ankandikoka mwendo n'kumati, "Dzuka chitsiru iwe, dzina lako lili pachitseko." Munthu ameneyo sangatigulitse.

Bodil ndi Tove uwauze kuti ntchito ikubwera. Preben umuuze kuti aziyang'ana msewu.

Mlongo wako,
Solvej


Ikast, 27 Sepitembala 1994

Mwana wanga Solvej,

Landira moni wa mayi ako. Bondo lili bwinoko, adokotala akuti ndiziyenda pang'onopang'ono, ngati kuti kale ndinkathamanga. Kodi ukudya mokwanira? Pachithunzi chija unanditumizira khosi lachita kutalika.

Ine za inu ana sindilowerera, koma zomwe ndaona ndi maso anga sindingazimeze. Lamlungu masana, Asger atapita ku Herning kukaonera mpira wamanja, ndinali pawindo la kukhitchini ndikusenda mbatatesi. Ndikuona galimoto yaima kuseri kwa shedi. Watuluka Ragna, pambuyo pake bambo wina wadazi wa jekete lachikopa. Osabwera n'komwe kudzagogoda. Mwana amene ndinkamupesa tsitsi limodzi ndi iwe! Anazungulira shedi, bamboyo akuyeza chitseko ndi tepi, m'lifupi ndi m'litali momwe, akusuzumira pawindo kuyang'ana makina a bambo ako, uku akulankhula chinenero chomwe sindinachimvepo.

Ndinatuluka mpeni uli m'manja, osadziwa kuti ndaunyamula. Ndati, "Ragna, khofi wa pakhomo pano wayamba liti kuwawa?"

Anadzidzimuka, kenako n'kundikumbatira. Ati, "Mayi Edel, chonde musamuuze Asger kuti ndinabwera. Nthawi yake sinakwane."

Ndati, "Nanga akuluwa akuyeza chitseko cha mwamuna wanga kuti atulutsepo chiyani?"

Ati, "Mudzamva, mundipirire pang'ono." Basi, n'kukwera galimoto.

Asger ndinamuuza, inde. Ndine mayi wake, ndipo shediyo ndi yake. Anapita kukakhala pakati pa makinawo mpaka chakudya chinazizira. Lolemba anauza Bodil ndi Tove kuti asamudalirenso. Bodil analira. Mwamuna wake anachotsedwa kale ntchito chilimwe chathachi, ana atatu ali pasukulu.

Solvej, ngati ukudziwa kanthu, nena. Ngati sukudziwa, tsegula maso, chifukwa shopu imeneyo mumatsegula awiri. Bambo ako anamanga shedi imeneyi ndi manja awo, njerwa ndinkawapatsira ndine ndili ndi pakati pa iwe. Sindingaonerere anthu akuiyeza ngati bokosi la maliro.

Mayi ako,
Edel


Copenhagen, 3 Okutobala 1994

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti bondo lili bwinoko.

Nditawerenga kalata yanu ndinati ndisathamange. Koma Lachinayi, pofuna mapepala okulungira katundu, ndinatsegula kabati ya Ragna yakuchipinda chakumbuyo. Pansi penipeni panali katoni yokhala ndi masitampa a ku Poland. M'katimo munali juzi. Yathu, Amayi. Kalukidwe kathu komwe kaja ndinajambula ndekha, mizere ya buluu ndi yotuwa ija. Koma yopepuka, yosalala, mikono yofanana bwinobwino. Asger sanaluke juzi imeneyo. Makina athu sangaitulutse.

Ndinaiyala pa kauntala n'kudikira. Ragna atalowa anaiona, n'kuima chilili.

Ndati, "Iyi yachokera ku Hamburg?"

Ati, "Solvej, ndipatse mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Ndidzakuuza zonse."

Ndati, "Undiuza pano. Unapita ku Poland kapena ayi?"

Ati, "Ndinapita."

Ndati, "Unawafunsa mtengo woluka majuzi athu?"

Ati, "Ndinafunsa. Koma tamvera..."

Sindinamvere. Ndimvere chiyaninso? Ine ndalembera mlongo wanga kalata yomunyoza chifukwa cha iye, ndamutcha Preben wabodza, pomwe wabodza ndimamwa naye khofi m'mawa uliwonse! Ndinamuuza kuti ndi wakuba, kuti waba chojambula changa n'kukachionetsa kwa alendo. Ndinamuuzanso kuti azimayi aku shedi akamadzasowa chakudya azidzapita pakhomo pa mayi ake. Munali makasitomala awiri m'shopu, anatuluka mwakachetechete. Ragna anangotola chikwama chake, ati, "Lachisanu, Solvej," n'kutuluka.

Tsiku lomwelo ndinaitana wokonza maloko. Loweruka m'mawa ndinamumva akuyesa kiyi wake pachitseko. Anayesa, n'kuyesanso. Ine ndinali m'kati kuseri kwa mashelefu, sindinatuluke. Kenako ndinamva njinga yake ikupita.

Mumuuze Asger kuti ankanena zoona, ndipo ayambe kuluka. Ndikufuna mitundu ya chaka chatha yomwe ija, yabuluu ichuluke. Pakansalu ka pakhosi tiona chochita ndi dzinalo.

Mwana wanu,
Solvej


Ikast, 7 Okutobala 1994

Mlongo wanga,

Moni. Amayi andiwerengera kalata yako. Sindinena kuti ndinakuuza, ngakhale ndinakuuza. Makina akulira kuyambira dzana, Bodil ndi Tove abwerera pamipando yawo. Unditumizire masayizi, poti m'kalata yako wangoti "yabuluu ichuluke" ngati ndikuluka bulangete.

Za dzina ndayamba kale. Tove wadula tinsalu tonse takale, tisoka tatsopano tolembedwa "Solvej" basi.

China n'chakuti mtolankhani wa nyuzipepala yathu ya kuno wakhala akulemba za mafakitale omwe akusamukira kunja. Ndinamuitana, anabwera dzulo ndi kamera. Ndamuuza zonse: sitima, chikwama, bambo wadazi woyeza chitseko cha anthu eni ake kulibe, juzi ya mu kabati. Anafunsa ngati alembe dzina la Ragna. Ndati lembani lonse, ndi la bambo ake lomwe, anthu adziwe kuti ndi mwana wa kuno. Akuluakulu a mafakitale aja anachoka mwaulemu, atavala mataye, palibe anawatchula. Uyu yekha atchulidwe. Ituluka mawa. Ndidzakutumizira tsambalo.

Usadandaule. Tinali atatu, tatsala awiri, koma awiri a magazi amodzi.

Asger


Copenhagen, 7 Okutobala 1994

Asger,

Moni, ndikulemba mothamanga. Ndayesa foni ya ku shedi, palibe akuyankha, mwina makina akusokosera. Ya kunyumba amayi saimva akakhala kumunda.

Usachite chilichonse pa nkhani ya Ragna mpaka ndimve bwino. Lero kwaimba kampani yonyamula katundu, akufuna Ragna. Akuti ali ndi katundu wolemera kwambiri wochokera ku Poland, akufunsa ngati msewu wofika pa shedi yako ungapirire lole yaikulu. Ndawafunsa ngati akudzatenga katundu pa shedipo. Akuti ayi, akudzatula.

Sindikumvetsa. Ragna sakuyankha foni, kunyumba kwake makatani ndi otseka. Chonde usauze munthu kanthu. Ndikukudziwa iwe ukapsa mtima.

Solvej


Copenhagen, 12 Okutobala 1994

Mayi Edel,

Moni. Ndikhulupirira bondo likupola. Ndikulembera inu chifukwa mwa anthu a pakhomo panu ndinu nokha amene munandifunsa funso pamaso n'kudikira yankho, ngakhale munali ndi mpeni m'manja.

Nyuzipepala ndaiona. Anditumizira mayi anga, atadula bwinobwino ndi sizasi. Kuyambira Loweruka sanatuluke m'nyumba. Tsikulo atapita kogula nyama, mzimayi wina anawauza kuti, "Agnete, soseji muzikagula ku Poland." Mayi anga asoka makolala m'tauni imeneyo moyo wawo wonse mpaka zala zinapindika. Alakwa chiyani?

Tsono imvani zomwe ndinkati ndidzanene Lachisanu.

Ku Hamburg ndinapitadi. Eni sitolo anakonda zojambula za Solvej, koma atagwira juzi ya Asger anati ndi yolemera, makasitomala awo sangavale. Anandipatsa dzina la fakitale ina ya ku Poland, ati kumeneko angatilukire yopepuka. Ndinapita. Izi sindinamuuze Solvej, ndipo sindikubisa kuti mtengo ndinafunsa. Unali wotsika moti ndinachita kukhala pansi. Shopu yathu ikumira, Mayi Edel. Solvej amajambula, Asger amaluka, koma amene amalankhula ndi banki ndi ine. Ndinaganizira ndithu. Amene akufuna andiweruze pa kuganizira kumeneko, andiweruze.

Kenako anandiyendetsa m'fakitalemo. Kumapeto kwa holo ndinaona makina obiriwira ali ndi zolemba za chinenero chathu pambali. Ndi makina aja Asger ankayendetsa kufakitale yaikulu isanatseke, omwe ankawatama pa tebulo lanu mpaka tonse kutopa. Ndinawapempha kuti andilukire juzi imodzi pa makina amenewo ndi chojambula chathu. Itatuluka, ndinasiya kufunsa mtengo wa majuzi, ndinafunsa mtengo wa makinawo.

Ndagulitsa kanyumba ka kunyanja komwe bambo anga anandisiyira. Bambo wadazi uja ndi makaniko wa kufakitaleko, dzina lake Zbigniew. Ankayeza chitseko kuti aone ngati makinawo angalowe. Sangalowe, khoma lifunika kugumula pang'ono.

Mufunsa kuti bwanji sindinanene. Mwana wanu mukumudziwa. Akanamva kuti makina akubwera, komanso kuti wagula ndi Ragna, akanati, "Sindine wopemphetsa, makina a bambo akundikwanira," n'kumenyetsa chitseko. Solvej naye akanakana kuti ndigulitse kanyumbako, kenako n'kuuza Asger tsiku lomwelo, poti sasunga kanthu. Ndinkafuna makinawo akhale kaye pa lole, pomwe palibe angawabweze. Lachisanu lija ndi tsiku lomwe makinawo ananyamuka. Mwina ndinalakwitsa kubisa. Koma kubisa kumeneko ndi kumene kwandisandutsa wakuba mu nyuzipepala, dzina la malemu bambo anga lili pompo?

Lole ifika sabata ya mawa. Sindiibweza. Sindinagulire Asger, ndagulira Bodil ndi Tove, ndi mawu aja tinalemba pakhosi pa juzi. Asger akafuna, awasiye makinawo panja achite dzimbiri, tauni yonse izidzaona.

Ine sindibwera.

Ragna


Ikast, 21 Okutobala 1994

Solvej,

Moni. Sindikufunsa ngati ukudya, chifukwa ngati chakudya chikukulowa masiku ano ndiye kuti ulibe manyazi. Kalata ya Ragna ndaikamo mu envulopu muno, uwerenge wekha. Kalata yako yoti Asger asachite kanthu inafika Lolemba, nyuzipepala itatuluka kale Loweruka.

Ndinamuwerengera Asger kalata ya Ragna mokweza, ataimirira. Nditamaliza ati, "Akanangonena." Ndati, "Akananena kwa ndani? Kwa chitseko chomwe umamenyetsa chija?" Ndipo nanenso ndisadzichotsemo. Ragna anandipempha kuti ndimupirire, ine osafika ndi madzulo omwe, ndaulula kale.

Lole inafika Lachitatu m'mawa, mvula ikuwaza. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, ndipo Preben anali patsogolo, manja m'thumba. Atachotsa lona, Asger anayenda mozungulira makinawo. Anagwira pena pake pambali pomwe utoto unasupuka, akuti anasupula ndi iye kalekale ndi sipanala. Zbigniew anamuonetsa chitseko ndi manja kuti sichikwana. Asger anayang'ana khoma la bambo ako nthawi yaitali. Kenako analowa m'kati, n'kutuluka ndi chihamala chachikulu.

Preben ati, "Asger, ndimayesa makina akutuluka, nanga bwanji akulowa?"

Bodil ati, "Preben, pakamwa pako pagwira kale ntchito yokwanira chaka chino. Gwira wilibala."

Anagwiradi. Njerwa zomwe ndinkapatsira bambo ako ndazionera zikugwa, ndipo sindinalire. Ndinalira madzulo nditapita ndi keke kwa Agnete, mayi ake a Ragna. Ananditsegulira, anandipatsa mpando, keke sanaigwire. Ati, "Edel, ana athu anakulira m'bafa limodzi." Ndinasowa poyang'ana.

Asger ndamuuza kuti apite kwa mtolankhani uja akalembetse zoona, chithunzi chake chikhalepo, ndipo akapepese kwa Agnete pakhomo, osati pa foni. Wapita konse kuwiri, nkhope ili pansi. Tove akusokanso tinsalu ta "Solragna", akung'ung'udza kuti atopa ndi kudula ndi kusoka dzina limodzimodzi.

Tsono iwe. Asger ndi wouma mutu kuyambira ali m'chikuta, zake sizidabwitsa. Koma iwe unamva mnzako akuyesa kiyi pachitseko, n'kukhala phee kuseri kwa mashelefu. Sindinakulere choncho. Usandilembere ine. Pita kwa Ragna, akapanda kutsegula ukhale pa masitepe.

Mayi ako


Ikast, 2 Novembala 1994

Ragna,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Kuno kwayamba kuzizira kwambiri.

Makina akuyenda. Zbigniew anakhala nafe mpaka Lamlungu, ndi munthu wabwino, amadya kwambiri. Majuzi oyamba atuluka, Bodil akuti ngopepuka ngati mpango. Ndatumiza atatu ku shopu kuti uwaone. Khoma tamanganso, chitseko chatsopano n'chachikulu.

Nyuzipepala yalemba zoona Loweruka, mwina mayi ako akutumizira. Ndinapitanso kwawo.

Anthu a ku Hamburg aja akufuna mitundu iti? Komanso singano zosinthira za makinawa zatsala zochepa, kodi Zbigniew anakusiyira adiresi ya komwe amagula?

Pepani pa zonse zija.

Asger


Copenhagen, 8 Novembala 1994

Asger,

Moni. Kalata yako ndalandira. Mawu oti pepani ndinawafunafuna, ndawapeza kumapeto, pansi pa nkhani ya singano. Poti ndiwe, ndawalandira. Ndikudziwa kuti anakutulutsa thukuta kuposa khoma lija.

Tsamba latsopanoli la nyuzipepala ndaliona. Lija londitcha wakuba linali patsogolo, ili loti sindine wakuba lili pakati, pafupi ndi malonda a matayala. Koma mayi anga ayambanso kupita kogula nyama, ndiye ndisiyira pomwepo.

Majuzi ndawaona, ndi abwino, mikono yake ndi yofanana. A ku Hamburg akufuna yotuwa ndi yobiriwira. Ndibwera nawo Lachinayi kuti adzaone komwe amalukidwa. Usese mu shedimo, uvale malaya oyera, ndipo akafunsa funso uyankhe funso lomwelo, usayambe mbiri ya makina a bambo. Adiresi ya singano ndibwera nayo.

Amayi ako andifunsa ngati ine ndi Solvej tagwirizana. Uwauze kuti ntchito tikugwira. Solvej anabwera kwathu, anakhala pa masitepe mpaka aneba anayamba kudandaula, ndinamutsegulira. Analira, anandipatsa kiyi watsopano, ndinalandira poti shopuyo ndi yanganso. Ndimafika m'mawa, timakambirana za maoda, madzulo aliyense amakwera njinga yake. Amayesa kundiseketsa, nthawi zina ndimafuna kuseka, koma sizikutuluka. Kaya zidzabwerera, kaya ayi, sindikudziwa, ndipo asandifulumizitse.

Iwe usadabwe kuti ndakukhululukira msanga chonsecho ndiwe unandiika mu nyuzipepala. Iwe unamva za Preben, unaona munthu akuyeza chitseko chako, unachita mantha. Sunandidziwepo bwino kuyambira kale. Solvej amandidziwa. Ndinangomupempha sabata imodzi.

Ragna